Kusankha laputopu ya magemu mpamba uli wochepa

M'mashopu ogulitsa makompyuta akaunjika ku Limbe, ku Old Town ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, wogula akanyamula laputopu n'kuitembenuza uku ndi uku, kawirikawiri amafunsa ngati imasewera FIFA. Wogulitsa sachedwa kuyankha. Amaloza kasitika kolembedwa Core i7 pafupi ndi kiyibodi n'kunena kuti makinawo ndi amphamvu, palibe gemu imene angaikane. Wogula amawerenga ndalama n'kunyamula katundu wake. Akafika kunyumba ndi pamene amaona osewera mpira pasikirini akuyenda modukizadukiza ngati filimu ya pa CD yokalika, fani ikulira, pansi pa laputopu pakutentha ngati mbaula.

Amene vutoli limawapweteka kwambiri ndi amalonda ang'onoang'ono. Ena ndi achinyamata amene asonkhanitsa ndalama za geni, kapena atenga ngongole ku banki m'khonde, kuti atsegule kachipinda ka magemu pamsika momwe anthu amalipira kuti asewere mpira awiriawiri. Ena ndi mavenda amene amapikula malaputopu ochokera ku South Africa, Dubai kapena UK n'kumagulitsa imodziimodzi. Kwa onsewa laputopu ndi mpamba. Ikakhala yolakwika, wa kachipinda ka magemu amathawidwa ndi makasitomala ngongole ikumudikira, pomwe venda amaipitsa dzina lake, ndipo pamsika mbiri yoipa sichedwa kufika kumapeto kwa mzere.

Kukonza cholakwa chotere kumadula chifukwa katunduyu amagulidwa kunja. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya zipangizo zoterezi imatsatira dola. Mtengo umene munthu adamva mwezi watha sungakhale womwewo lero. Chimene sichisintha ndi zimene zili m'kati mwa makinawo. Wogula amene amadziwa kuziwerenga angathe kuyenda mashopu atatu tsiku limodzi n'kuyerekeza mitengo popanda kunyengedwa ndi maonekedwe.

Gemu ndiyo imasankha makina

Asanapite kushopu, wogula ayenera kulemba papepala maina a magemu amene akufuna kuti laputopuyo izisewera. Magemu amasiyana kulemera kwake monga momwe katundu amasiyanira. Njinga ya kabaza imanyamula thumba la chimanga bwinobwino, koma matumba makumi awiri a simenti amafuna lole. Kampani iliyonse yopanga magemu imalengeza mphamvu zochepetsetsa zimene kompyuta iyenera kukhala nazo, ndipo manambala amenewa ndiwo muyeso wogulira.

Magemu akale monga GTA San Andreas, imene idatuluka pakompyuta mu 2005, ndi Need for Speed Most Wanted ya chaka chomwecho, amayenda pafupifupi palaputopu iliyonse imene ikugulitsidwa masiku ano. GTA V idafika pakompyuta mu 2015. Opanga ake adati imafuna RAM yosachepera 4GB, koma kuti iyende bwino pamafunika 8GB ndi graphics card yofanana ndi GTX 660. FIFA 19 imafuna RAM ya 8GB, graphics card yakale ya GTX 460 ndi malo okwana 50GB.

Zinthu zidasintha ndi FIFA 23, imene idatuluka mu 2022 ndipo idali yomaliza kutchedwa dzinali kampani ya EA isanasinthe n'kuyamba kuitcha EA Sports FC mu 2023. Gemu imeneyi imafuna RAM ya 8GB, malo okwana 100GB komanso graphics card yosachepera GTX 1050 Ti. Izi zikutanthauza kuti laputopu imene imayendetsa FIFA 19 mosavuta ikhoza kulephereratu FIFA 23. Mawu akuti "imasewera FIFA" sakwanira mpaka wogulitsa atchule chaka cha gemuyo.

Palinso magemu aulere monga Valorant ndi Fortnite amene sasewereka popanda intaneti. Laputopu ikhoza kukhala ndi mphamvu zokwanira, koma ngati pamalopo netiweki ndi yofooka kapena bandulo ikudya phindu, magemu oterewa sangathandize bizinesi.

Sitika ya Core i7 sinena zonse

Dzina lakuti Core i3, i5 kapena i7 limangonena gulu la purosesa, chipangizo chimene chimawerengera ndi kulamula zonse m'kompyuta. Silinena zaka zake. Zaka zimaoneka pa manambala otsatira. Pa i5-8250U, nambala yoyamba ija, 8, ikusonyeza m'badwo wachisanu ndi chitatu. Pa i7-4600U ndi m'badwo wachinayi, wa mu 2013. Pa i5-1035G1 manambala awiri oyambawo akusonyeza m'badwo wa 10, ndipo pa i5-1135G7 ndi wa 11.

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Purosesa ya i7-7500U, ya mu 2016, ili ndi makoo awiri okha, kutanthauza tizigawo tiwiri togwira ntchito. Ya i5-8250U, ya mu 2017, ili ndi anayi, ndipo pantchito zambiri zolemera imaposa i7 ija. Munthu amene walipira ndalama zambiri chifukwa cha nambala 7 yapasitika amakhala atagula makina ochepa mphamvu pamtengo wokwera.

Chilembo chakumapeto nachonso chili ndi tanthauzo. U amasonyeza purosesa yopangidwa kuti izisunga batire, yoyenera ntchito za muofesi, ndipo imadya pafupifupi mawati 15. H kapena HQ amasonyeza purosesa yantchito zolemera imene imadya pafupifupi mawati 45. Malaputopu enieni a magemu amakhala ndi H, monga i5-8300H kapena i5-9300H. Kumbali ya kampani ya AMD lamulo ndi lomwelo: Ryzen 5 3500U ndi ya muofesi, Ryzen 5 3550H kapena 4600H ndi ya magemu.

Sitika imatha kumatulidwa palaputopu ina n'kumatidwa pa inzake. Wogula asakhulupirire pepala lomata. Adine batani la Windows pamodzi ndi R, alembe dxdiag, ndipo makinawo adzasonyeza okha dzina lonse la purosesa ndi kuchuluka kwa RAM.

M'badwo wa purosesa uli ndi ntchito inanso. Kampani ya Microsoft idasiya kupereka thandizo lake la nthawi zonse pa Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imavomereza mapurosesa a Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, kupatula ochepa chabe. Malaputopu ambiri a magemu a mu 2017 ali ndi i5-7300HQ kapena i7-7700HQ. Amaseweretsabe magemu, koma ali kunja kwa mndandanda wa Windows 11, choncho mtengo wake uyenera kutsika. Ichi ndi chifukwa chomveka chonenerera.

Graphics card ndiye mwini nkhani

Pamagemu, chipangizo chimene chimasenza katundu wamkulu ndi graphics card, imene imajambula zithunzi zoyenda zonse zooneka pasikirini. Malaputopu ali m'magulu atatu pankhaniyi.

Gulu loyamba lilibe graphics card yapayokha. Zithunzi zimajambulidwa ndi purosesa yomwe, ndipo maina ake ndi monga Intel HD Graphics, Intel UHD Graphics 620, Intel Iris Xe kapena AMD Radeon Vega 8. M'gulu limeneli muli malaputopu ambiri akaunjika ochokera m'maofesi akunja, monga HP EliteBook 840, Dell Latitude ndi Lenovo ThinkPad. Ndi makina olimba, abwino kulembera makalata, kuika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni a anthu komanso kusewera magemu akale. Magemu atsopano a mpira sawakwanitsa.

Gulu lachiwiri lili ndi graphics card yaing'ono ya NVIDIA, monga GeForce 940MX, MX150 kapena MX250. Sitika yobiriwira ya NVIDIA imakopa maso, ndipo wogulitsa amakweza mtengo chifukwa cha iyo. Makadi amenewa amayendetsa GTA V kapena FIFA 19 zithunzi zikachepetsedwa kukongola, koma ali pansi pa muyeso wa FIFA 23.

Gulu lachitatu ndi la makadi a GTX ndi RTX. GTX 1050 ndi GTX 1050 Ti adalowa m'malaputopu mu 2017, GTX 1650 mu 2019, RTX 3050 mu 2021. Amapezeka m'makina monga Acer Nitro 5, Lenovo IdeaPad Gaming 3, HP Pavilion Gaming, HP Victus, Dell G3 ndi ASUS TUF. Kwa munthu wa mpamba wochepa amene akufuna mpira wa 2022 kupita m'tsogolo, laputopu yakaunjika ya GTX 1650 ya 4GB ndiyo poyambira pabwino. GTX 1050 Ti ili pamalire penipeni, pomwe GTX 1050 yopanda Ti ili pansi pake.

Pali chinyengo china chofala, chonena kuti laputopu ili ndi "graphics ya 4GB" kapena "ya 8GB" pomwe ilibe khadi yapayokha. Nambala imeneyi imakhala ya RAM imene makinawo amangobwereka. Njira yodziwira ndi kutsegula Task Manager podina Ctrl, Shift ndi Esc, kupita pa Performance, n'kuona pomwe palembedwa GPU. Mzere wa Dedicated GPU memory ndiwo umanena mphamvu yeniyeni ya khadiyo. Wa Shared GPU memory ndi wongobwereka. Laputopu ya magemu imasonyeza ma GPU awiri, ina ya Intel kapena AMD, ina ya NVIDIA.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yaikulu n'chakuti m'malaputopu pafupifupi onse graphics card ndi purosesa zimakhala zowotchereredwa pabolodi. Sizichotsedwa ngati momwe zimakhalira pakompyuta yapatebulo. Wogulitsa akalonjeza kuti "mudzaonjezera graphics m'tsogolo", wogula adziwe kuti zimenezo sizitheka.

Zimene zingaonjezeredwe pambuyo pake

RAM ndi malo osungira zinthu ndi zosiyana ndi graphics card chifukwa m'malaputopu ambiri a magemu zimatheka kusinthidwa. Apa ndi pamene wamalonda wochenjera amapulumutsa ndalama. Pakati pa laputopu ya GTX 1650 yokhala ndi RAM ya 8GB ndi ina yopanda khadi koma ya RAM ya 16GB, yoyambayo ndiyo yoyenera magemu, chifukwa RAM idzagulidwa bizinesi ikayamba kubweza.

RAM ya 8GB ndiyo yochepetsetsa masiku ano. Ya 4GB imatheratu ndi Windows yokha. Wogula afunse kuti m'kati muli mipata ingati yoikamo RAM, chifukwa malaputopu ena opyapyala RAM yake idawotchereredwa ndipo sionjezereka. Timitengo tiwiri ta RAM timayendetsa magemu bwino kuposa kamodzi ka kukula komweko, makamaka palaputopu yopanda khadi yapayokha. Mtundu nawonso uyenera kufanana: DDR3 silowa pamalo a DDR4.

Pa malo osungira zinthu, SSD imatsegula Windows ndi magemu mofulumira kwambiri kuposa hadi disiki yakale yozungulira, komanso siwonongeka msanga laputopu ikagwedezeka paminibasi. M'kachipinda ka magemu, mphindi zimene makasitomala amadikira kuti gemu itseguke ndi ndalama zotayika. SSD ya 256GB imakwana Windows ndi gemu imodzi yaikulu ngati FIFA 23. Ya 512GB imapereka mpata wa magemu angapo.

Zinthu zina sizoyenera kuzilipirira ndalama zapadera. Kiyibodi yoyaka mitundumitundu siyendetsa gemu. Sikirini ya 144Hz ndi yabwino kwa wosewera yekha, koma ngati laputopu izilumikizidwa ku TV wamba, imene imasintha zithunzi maulendo 60 pasekondi, phindu lake silioneka. Ndipotu kwa amene adzagwiritsa ntchito TV, laputopu ya sikirini yokhala ndi kachilema kapena kabanga imatsika mtengo koma ntchito imagwira chimodzimodzi. Chofunika ndi chakuti pobaya HDMI pazigwira ntchito, komanso pakhale mabowo a USB osachepera awiri amoyo obayapo mapadi.

Kutentha ndi fumbi

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Laputopu yakaunjika ikhoza kunyezimira kunja koma m'kati fani itatsekeka ndi fumbi la zaka zinayi. Makina a magemu amatulutsa kutentha kwambiri. Purosesa ikafika pafupi ndi madigiri 95 mpaka 100 imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, ndipo ndi pamene gemu imayamba kudukiza. Vutoli silioneka m'mphindi zisanu zoyambirira. Limabwera makinawo akagwira ntchito kwa kanthawi, nthawi zambiri wogula atachoka kale pashopu.

Nyengo ya kuno imaonjezera vutoli. M'miyezi ya October ndi November, kachipinda kofoleredwa ndi malata ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima kapena Karonga kamatentha kwambiri masana, ndipo fumbi lapamsika limalowa paliponse. Laputopu isaikidwe pansalu, pamphasa kapena pamatiresi chifukwa mpweya umalowera pansi pake. Kuikweza kumbuyo ndi kathabwa kapena zitsekerero za mabotolo kumathandiza kuti mpweya uzidutsa. Ikatha ntchito n'kuzizira ifunditsidwe nsalu.

Wogula laputopu yakaunjika aike padera kandalama koti wokonza makompyuta aitsegule, apukute fani ndi kusintha thermal paste, kaphala kotuwa kamene kamapakidwa pakati pa purosesa ndi chitsulo chochotsa kutentha. Kaphala kameneka kamauma zaka zikamapita. Ntchitoyi ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi kugula bolodi ina, ndipo pamalo afumbi kupukuta fani kuyenera kubwerezedwa miyezi ingapo iliyonse.

Masamu a magetsi

Laputopu ya muofesi imagwiritsa ntchito tchaja ya mawati 45 kapena 65. Ya magemu imafuna ya mawati 120 mpaka 180, ina kuposa apo. Nambalayi imalembedwa patchaja pomwe, ndipo mphamvu imene laputopu imafuna imalembedwa pansi pake. Wogulitsa akapereka tchaja yaing'ono chifukwa yeniyeni idasowa, batire limatha ngakhale waya ali kumagetsi, ndipo malaputopu ena amadzichepetsa liwiro akazindikira kuti tchaja si yake. Tchaja yeniyeni ya mawati 150 ndi yodula komanso yovuta kupeza, choncho laputopu yopanda tchaja yake iyenera kutsika mtengo kwambiri.

Magetsi a ESCOM ndi a mavolti 230 ndipo soketi zake ndi za mano atatu. Matchaja ambiri amalandira mavolti 100 mpaka 240, kotero laputopu yochokera ku America imangofuna kusintha waya wolowa kukhoma. Adaputa yogwedera imathetheka moto n'kuwononga tchaja. Chipangizo choteteza ku magetsi obwera mwamphamvu n'chofunika, makamaka nthawi ya mvula ndi pamene magetsi akuyaka atazima.

Kuwerengera mayunitsi n'kosavuta. Makina odya mawati 150 kwa maola 8 amatha mawati 1,200, omwe ndi yunitsi imodzi ndi kachigawo, 1.2. Pamenepo TV sinawerengedwe. Kwa amene amadalira sola, batire lalikulu la mavolti 12 ndi 100Ah limasunga pafupifupi mlingo womwewo wa 1,200, koma batire la asidi silifunika kutsitsidwa kupyola theka ngati mwini wake akufuna kuti likhalitse. Batire limodzi lotere silingayendetse laputopu ya magemu ndi TV tsiku lonse.

Ena amaganiza kuti batire la laputopu liziwapulumutsa magetsi akazima. Palaputopu ya magemu chiyembekezo chimenechi n'chochepa. Tchaja ikachotsedwa makinawo amachepetsa mphamvu, gemu n'kuyamba kulemera, ndipo ngakhale batire latsopano silipita patali ndi gemu yolemera. Limangothandiza kumaliza gemu imene yayambika ndi kuzimitsa makina bwinobwino.

Theka la ola pashopu

Palibe chimene chimaposa kuyesa makina ndalama zisanatuluke m'thumba. Wogulitsa wachilungamo sakana, ndipo wokana wapereka kale yankho. Wogula apite ndi padi yake, waya wa HDMI ngati n'kotheka, komanso mnzake wodziwa makompyuta.

Choyamba ndi kuona dxdiag ndi Task Manager monga tafotokozera pamwambapa, n'kuyerekeza ndi zimene wogulitsa wanena. Kenaka gemu yeniyeni imene yalembedwa papepala ija itsegulidwe, iseweredwe mosalekeza kwa mphindi 20 kapena 30 tchaja ili kumagetsi. Ngati ikuyenda bwino poyamba n'kuyamba kudukiza pambuyo pake, vuto ndi kutentha. Ngati pasikirini pakuoneka mizere, timadontho tamitundu kapena makina akuzima okha, graphics card ikudwala ndipo laputopuyo isiyidwe, ngakhale mtengo utatsika chotani. Pulogalamu yaulere ya HWMonitor imasonyeza madigiri a kutentha, ndipo ya CrystalDiskInfo imasonyeza thanzi la SSD kapena hadi disiki pamodzi ndi maola amene yagwira ntchito.

Thanzi la batire limaoneka polemba powercfg /batteryreport mu Command Prompt. Lipoti lake limasonyeza manambala awiri: Design capacity, mphamvu imene batire lidali nayo lili latsopano, ndi Full charge capacity, imene latsala nayo. Yachiwiriyo ikakhala theka la yoyamba, batire latopa ndipo mtengo unenereredwe. Ngati malo oyendetsera chala atukuka kapena pansi pa laputopu patupa, batire lafufuma. Batire lotere likhoza kuyaka moto ndipo liyenera kuchotsedwa msanga.

Zotsala ndi kubaya fulashi m'bowo lililonse la USB, kuyesa HDMI pa TV, kudina mabatani onse a kiyibodi, kumvetsera ngati fani ikukhulana ndi china chake, ndi kutsegula n'kutseka chivundikiro kuti aone ngati mahinji sadathyoke. Zomangira zosowa kapena zokalika pansi zimasonyeza kuti makinawo adatsegulidwapo, ndipo wogulitsa afotokoze chimene chidakonzedwa.

Katundu wakuba ndi malonda a pafoni

Mtengo wotsika mopitirira muyeso uli ndi chifukwa chake. Malamulo a dziko lino amaletsa kulandira kapena kusunga katundu wakuba, ndipo apolisi akaupeza amaulanda, wogula n'kutsala wopanda laputopu, wopanda ndalama, mwinanso ndi mlandu. Laputopu yopanda tchaja, yokhala ndi zithunzi ndi makalata a munthu wina, kapena imene wogulitsa sakudziwa pasiwedi yake, ndi yokayikitsa. Wogula alowenso mu BIOS makina akamayaka kuti aone ngati simudatsekedwe ndi pasiwedi, chifukwa pasiwedi ya mmenemo sichoka ngakhale Windows itaikidwa ina.

Lisiti likhale ndi dzina la shopu, tsiku, mtundu wa laputopu, nambala yake ya siriyo ndi masiku amene wogula angaibweze ikavuta. Nambala ya siriyo yapalisiti ifanane ndi yolembedwa pansi pa makinawo. Lonjezo lapakamwa silithandiza tsiku la mkangano.

Malonda ambiri masiku ano akuchitikira pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Kumeneko zithunzi zimatha kukhala za laputopu ina. Kutumiza ndalama ya chikole pafoni kwa munthu wosamudziwa, katundu asanaoneke, ndi njira imene anthu ambiri aberedwa nayo. Ndi bwino kukumana masana pamalo a anthu ambiri pomwe pali soketi yoyesera.

Magemu okopera mwachinyengo nawonso ali ndi mtengo wake wobisika. Ambiri amabwera ndi mavairasi amene amalemetsa makina kapena kuba mapasiwedi. Laputopu imene ili ndi magemu otere isagwiritsidwe ntchito polowa kubanki kapena kusunga mabuku a bizinesi.

Kodi ibweza liti?

Wotsegula kachipinda ka magemu awerengere asanagule. Mwachitsanzo, ngati gemu imodzi ya mpira imatenga mphindi 12 kuphatikizapo kusankha matimu, pa ola limodzi pamakwana magemu 5. Makasitomala sabwera tsiku lonse. Ngati nthawi yodzadza ndi maola 4, kuyambira pamene sukulu zaweruka kufika madzulo, ndiye kuti patsiku pali magemu 20. Nambala imeneyi ichulukitsidwe ndi mtengo umene anzake akulipiritsa m'deralo, kenaka achotsepo lendi, magetsi, chiphaso cha kukhonsolo ndi ndalama yosinthira mapadi, amene amawonongeka msanga kuposa china chilichonse. Chotsalacho ndicho phindu la tsiku. Mtengo wa laputopu, TV ndi mapadi ukagawidwa ndi phindulo, pamatuluka masiku amene mpamba udzabwerere. Masiku ozima magetsi awerengedwenso.

Ndalama zonse zisathere palaputopu. Pa K100 iliyonse ya mpamba ndi nzeru kusiya K20 ya mapadi awiri, waya wa HDMI, choteteza magetsi ndi kupukutitsa fani. Mapadi a Xbox amagwira ntchito pa Windows mosavuta, pomwe ena otsika mtengo amafuna kuikidwa mapulogalamu apadera, choncho ayesedwe ndi gemu yomweyo.

Masamu amenewa nthawi zina amasonyeza kuti laputopu si chisankho chabwino. Ngati ntchito yake ndi mpira wokhawokha pa TV, PlayStation 4 yakaunjika, imene idatuluka mu 2013, imasewera FIFA 23 ndi EA Sports FC 24 popanda nkhawa ya RAM kapena graphics card. Ngati makinawo sazichoka pamalo amodzi, kompyuta yapatebulo imapereka mphamvu zambiri pa ndalama zomwezo, sitentha msanga ndipo graphics card yake imasinthika. Laputopu imapambana pamene mwini wake akufuna kuti m'mawa izilemba makalata ndi kuika nyimbo m'mafoni, madzulo iziseweretsa magemu, usiku n'kupita nayo kunyumba poopa akuba. Mwini kachipinda akumbukirenso kuti kulola ana kusewera nthawi ya sukulu kumamudanitsa ndi makolo ndi mafumu, ndipo bizinesi yodana ndi mudzi sikhalitsa.

Kwa venda wogulitsa

Venda amene amapikula malaputopu apindula akagawa katundu wake m'magulu atatu aja n'kulemba pakapepala dzina lonse la purosesa, RAM, SSD, graphics card ndi gemu imene waiyesa yekha. Kasitomala wofuna ya sukulu kapena ya muofesi asagulitsidwe makina olemera a magemu amene batire lake silichedwa kutha. Wofuna FIFA 23 auzidwe poyera kuti EliteBook singakwanitse, ngakhale zitatanthauza kuti tsiku limenelo apita osagula. Popikula, venda afunse mndandanda wa manambala onse a makinawo katundu asananyamuke, chifukwa mawu akuti "i7 gaming" pa invoisi sanena m'badwo kapena khadi.

Achinyamata osewera magemu amadziwana ndipo amauzana komwe adagula. Laputopu imodzi yogulitsidwa ndi bodza imabwerera pashopu ndi mkangano pamaso pa makasitomala ena. Imene yayesedwa pamaso pa wogula kwa theka la ola, n'kulembedwa palisiti ndi nambala yake ya siriyo, imabweretsa anzake a wogulayo mwezi wotsatira.